Mafunso ndi Mayankho: Kusankha Ekiselo, Matayala ndi Magiya Pomanganso Lole Yakale ku Kasungu

M'maesiteti ndi m'midzi ya ku Kasungu mudakali malole akale amene anaima zaka zambiri zapitazo kuseri kwa zigafa, ena a mtundu wa Bedford, ena a Leyland, Isuzu ndi Mercedes-Benz, amene pa nthawi yawo ankatuta nkhuni, feteleza ndi mabelo a fodya. Pa malole ambiri otere chimene chimakhala chidakali cholimba ndi chasisi, pamene injini inafa, difu inagulitsidwa ndipo malimu anadyeka ndi dzimbiri. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu ofuna kumanganso galimoto pa chasisi chotere, kaya yoti izigwira ntchito ya kumunda, kaya yongosunga chifukwa chokonda maonekedwe a magalimoto a kale.

Kodi choyamba kugula n'chiyani pakati pa injini, ekiselo ndi matayala?

Musanatulutse ndalama iliyonse, lembani pa pepala katundu wolemera kwambiri amene loleyo idzanyamule, misewu imene idzayendemo nthawi zambiri, ndi liwiro limene mukufuna kuti izithamanga pa phula injini isakulira mopyola muyeso. Lole yoti izitenga mabelo ku Chamama kapena ku Chulu kupita nawo ku okushoni ya ku Chinkhoma, kudutsa m'madambo ndi m'misewu ya fumbi, siingamangidwe mofanana ndi yoti izingoyenda yopanda katundu pa M1 pakati pa Kasungu ndi Lilongwe. Mukadziwa zimenezi sankhani tayala, chifukwa tayala ndilo mudzaligule mobwerezabwereza pa moyo wonse wa galimotoyo, ndiponso kukula kwake ndiko kumalamula masamu onse a magiya. Kenako pabwere ekiselo yokwana tayalalo ndi katunduyo, pambuyo pake ratio ya difu (maulendo amene shafuti yochokera ku giyabokosi imazungulira kuti tayala lizungulire kamodzi), ndipo giyabokosi ndi injini zisankhidwe mogwirizana ndi zonsezi.

Ambiri amayambira kumapeto kwa ndondomeko imeneyi chifukwa injini ndiyo imakopa mtima, komanso chifukwa ekiselo yotsika mtengo ikapezeka kwa ogulitsa zida zakale ku Biwi kapena ku Malangalanga mu Lilongwe, munthu amaopa kuti mnzake amutsogolera. Mapeto ake imatuluka lole ya injini yabwino koma yosatha kupitirira makilomita 60 pa ola, kapena yothamanga bwino pa phula koma yokanika kudzuka ikapachiridwa chimanga.

Ndingadziwe bwanji kulemera kumene ekiselo iliyonse idzasenze?

Katundu sagawanika mofanana pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Amatsamira ku ekiselo imene ili pafupi ndi pakati pa bodi. Tiyerekeze kuti mtunda wa pakati pa maekiselo awiriwo ndi mamita 4, ndipo pakati pa bodi pali theka la mita kutsogolo kwa ekiselo ya kumbuyo. Mukapachira matumba 100 a chimanga a makilogalamu 50, amene ndi matani 5, ekiselo ya kumbuyo idzatenga magawo 3.5 pa magawo 4, ndiye kuti makilogalamu 4,375, ndipo ya kutsogolo idzatenga makilogalamu 625 okha. Pa manambala amenewa muwonjezerepo kulemera kwa galimoto yokhayo, kumene kutsogolo kumakhala kwakukulu chifukwa cha injini ndi kabu, ndipo njira yodalirika yokudziwira ndi kuikweza pa sikelo ekiselo iliyonse payokha.

Chenjerani ndi bodi yaitali yotulukira kutali kumbuyo. Pakati pa katundu pakadutsa ekiselo ya kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama ndipo mabuleki a kutsogolo amakhwekhwereza matayala msanga. Kumbukiraninso kuti malire a galimoto yanu amaikidwa ndi chida chofooka kwambiri pakati pa tayala, limu, ekiselo, masipuling'i ndi chasisi, kotero kuika ekiselo ya matani 8 pansi pa chasisi chimene chinapangidwira matani 3 sikuwonjezera kanthu pa katundu amene mungatenge mosatekeseka.

Kodi ndisunge ekiselo imene inabwera ndi loleyo kapena ndiike ya galimoto ina?

Ngati ekiselo yakaleyo ndi yowongoka, mabering'i ndi masilu ake akupezeka, ndipo madilamu a mabuleki sanadyeke kupyola muyeso wake, ine ndimalangiza kuisunga, makamaka ya kutsogolo. Amene anapanga galimotoyo anaigwirizanitsa kale ndi chasisi, masipuling'i ndi bokosi la chiwongolero, ndipo kugwirizana kumeneko n'kovuta kukubwezeretsa ndi zida za pa galaja wamba. Bedford ya mphuno yaitali ya mtundu wa TJ inayamba kupangidwa mu 1958 ndipo inapitirira kupangidwira maiko akunja kwa zaka zambiri, chomwecho zida zake zina zimapezekabe ngati munthu afunsa moleza mtima.

Ekiselo ya kumbuyo ndiyo imasinthidwa kawirikawiri, ndipo zifukwa zomveka ndi zitatu: mano a crown wheel ndi pinion, magiya awiri olumana a m'kati mwa difu, atha ndipo ena sakupezeka, ratio yake siyikugwirizana ndi injini yatsopano, kapena matayala ake asowa pa msika. Mukasankha kusintha, gulani ekiselo yathunthu kuyambira ku habu kufika ku habu inzake, pamodzi ndi mabuleki, malimu, manati ndi kachidutswa ka propshaft (shafuti yochokera ku giyabokosi) kolumikizira ku difu. Kugula chigoba pano ndi madilamu kwina kumaoneka kotsika mtengo tsiku loyamba lokha. Ndipo ikhale ya galimoto imene ikuyenda yambiri m'misewu yathu, monga Mitsubishi Canter, Isuzu kapena Toyota Dyna kwa malole ang'onoang'ono, kuti silu ikaphulika muli ku Santhe kapena ku Nkhamenya, musadikire sabata zingapo.

Pali kusiyana kotani pakati pa ekiselo ya full-floating ndi ya semi-floating?

Pa full-floating, habu imazungulira pa mabering'i awiri okhala pa chigoba cha ekiselo, ndipo shafuti ya m'kati ntchito yake ndi kupota tayala basi, yosasenza katundu. Mumaizindikira ndi mutu wa shafuti wotulukira pakati pa limu, womangidwa ndi mabawuti ozungulira. Pa semi-floating, shafuti yomweyo imapota tayala n'kusenzanso kulemera kwa galimoto, kotero ikathyoka tayala likhoza kuchoka pamodzi ndi dilamu. Pa chasisi cha lole chimene chidzanyamule katundu, sankhani full-floating. Ya semi-floating ndi ya magalimoto ang'onoang'ono.

Ndiyeze chiyani ndisanalipire ekiselo yogwiritsidwa kale ntchito?

Pitani ndi tepi ndi miyeso ya chasisi chanu yolembedwa, osati yosunga m'mutu. Muyeso woyamba ndi mtunda wa pakati pa timipando pamene pamakhala masipuling'i, kuyeza kuchokera pa bowo la senta bawuti kufika pa linzake. Malole ang'onoang'ono a ku Japan nthawi zambiri amakhala ndi chasisi chopapatiza poyerekeza ndi malole akale a ku Britain, ndiye si zachilendo kupeza kuti timipandoto sitikukumana. Pa ekiselo ya kumbuyo tikhoza kudulidwa n'kuwotchereredwa pa malo atsopano, koma ntchitoyi ichitidwe ndi wowotcherera waluso, pang'onopang'ono ndiponso mosinthanasinthana mbali, chifukwa kutentha kukachuluka pa malo amodzi chigoba chimapindika ndipo mabering'i ndi mashafuti amayamba kutha msanga popanda chifukwa chooneka.

Muyeso wachiwiri ndi wochokera pa nkhope ya habu kufika pa inzake, pakuti ndiwo umanena ngati tayala la m'kati lidzakhudze sipuling'i kapena chasisi, ndiponso ngati la kunja lidzatulukire kupyola bodi. Yezaninso kutakata kwa sipuling'i, kukula kwa chigoba pamene padzadutse ma U-bolt, ndi malo amene difu yakhala, chifukwa ina imakhala pakati penipeni pamene ina inatsamira mbali imodzi.

Mukamaliza kuyeza, tsegulani potulutsira oyilo. Fumbi losalala la chitsulo pa pulagi si lodetsa nkhawa, koma tizidutswa tomveka pa chala tikutanthauza kuti mano kapena mabering'i ayamba kuphwanyika, ndipo oyilo wotuwa ngati mkaka akusonyeza kuti munalowa madzi. Gwedezani pinion ndi dzanja. Ikamasewera chokwera ndi chotsika, mabering'i ake atha. Ngati wogulitsa alola kutulutsa difu, onani mano onse mmodzimmodzi. Crown wheel ndi pinion zimapangidwa ndi kuperesedwa limodzi ku fakitale, kotero kutenga imodzi ya difu iyi n'kuiphatikiza ndi ya difu ina, ngakhale manambala a mano akhale ofanana, kumabweretsa kulira ndi kutha msanga. Ma U-bolt okha musatenge akale, gulani atsopano, ndipo muwakungenso loleyo ikayenda maulendo oyamba ili ndi katundu.

Kodi ndikhale pa matayala a mainchesi 20 kapena nditsikire ku 16?

Malole akale ambiri ankayendera matayala a 7.50-20, 8.25-20 kapena 9.00-20, okhala ndi chubu ndi fulapu. Tayala la 8.25-20 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 970, pamene la 7.50R16, limene limapezeka mosavuta chifukwa cha kuchuluka kwa malole ang'onoang'ono, ndi la pafupifupi mamilimita 805. Kutsikira ku 16 kumakupatsani tayala lotsika mtengo ndi losavuta kulipeza, koma kumatsitsa galimoto yonse ndi mamilimita pafupifupi 80. Pa phula zimenezo si kanthu, koma m'misewu ya m'madambo nthawi ya dzinja, mmene mathirakitala ndi ngolo zimasiya mizere yakuya, mamilimita 80 amenewo ndiwo amasiyanitsa kudutsa ndi kukhalira pa difu. Dziwaninso kuti dilamu ya mabuleki yopangidwira limu ya 20 nthawi zambiri siilowa mu limu ya 16, kotero kusintha kumeneku kumafuna kusintha ekiselo yonse.

Palinso maonekedwe, amene sindikufuna kuwapeputsa. Lole ya mphuno yaitali inajambulidwa ndi matayala aatali, ndipo mukaika aafupi pamatsala mpata waukulu pansi pa madigadi moti galimotoyo imataya ulemerero wake. Kwa amene akufuna kutalika kwa kale koma wopanda chubu, matayala a 22.5 ndiwo analowa m'malo mwa a 20: la 9R22.5 limafanana kutalika ndi 8.25-20, ndipo la 10R22.5 limafanana ndi 9.00-20. Musanatsimikize, yendani m'mashopu a matayala pa boma la Kasungu ndi ku Lilongwe mufunse kuti ndi saizi iti imene amakhala nayo chaka chonse.

Pa mbali ya tayala pamalembedwa manambala a mphamvu yake. Mwachitsanzo, 122/118 akutanthauza makilogalamu 1,500 tayala likakhala lokha ndi makilogalamu 1,320 likakhala pawiri, kotero matayala anayi a kumbuyo amasenza makilogalamu 5,280 basi. Yerekezani ndi masamu a matumba 100 aja, mutawonjezera kulemera kwa bodi, chasisi ndi ekiselo, ndipo muona kuti matani 5 pa matayala amenewa ndi opyola malire. Matayala oyendera pawiri akhale ofanana mtundu ndi kutalika, asasiyane kupitirira mamilimita 6, ndipo radial ndi crossply, imene ndi mitundu iwiri ya kapangidwe ka tayala, zisasakanizidwe pa ekiselo imodzi. Pogula ogwiritsidwa kale ntchito onani manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT pa mbali ya tayala, amene awiri oyamba ndi sabata ndipo awiri enawo ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa.

Malimu amene ndapeza sakulowa pa masitadi; kodi ndingabowole mabowo ena?

Ayi, musabowole, ndiponso musakulitse mabowo ndi moto wa gasi. Kufanana kwa chiwerengero cha masitadi sikutanthauza kuti limu ndi yoyenera. Masitadi 6 a malole ambiri a ku Japan amakhala pa mzere wozungulira wotakata mamilimita 222.25, pamene masitadi 6 a ku Ulaya amakhala pa 205. Masitadi 8 alipo a pa 275 ndi a pa 285. Ndipo masitadi 10 a malole akuluakulu a masiku ano amakhala pa 335. Kuwonjezera apo, malimu ena amakhazikika pakati chifukwa cha manati osongoka olowa m'mabowo, ena amakhazikika pa habu n'kumangidwa ndi manati a fulati. Kusakaniza mitundu iwiriyi kumachititsa kuti manati azimasuka, mabowo azikula, limu ing'aluke pakati pa mabowo, mpaka tayala lichoke galimoto ikuyenda.

Pa malole ambiri akale a ku Britain ndi a ku Japan, masitadi a kumanzere amakhala ndi mazinga a kumanzere, ndipo kawirikawiri pamutu pake pamadindidwa chilembo cha L. Masitadi ambiri amathyoka chifukwa munthu anakwera pa paipi yaitali akuganiza kuti akumasula pamene akukunga. Ngati n'kotheka, maekiselo onse awiri akhale a malimu ofanana kuti sipeya imodzi ikwanire kulikonse.

Nanga malimu akale okhala ndi ling'i yotsekera ndi oopsa monga mmene anthu amanenera?

Inde, ndi oopsa ndithu, ndipo apha anthu m'maiko ambiri. Ling'i ikakhala yopindika, ya dzimbiri, kapena ya limu ina, imatha kufwamphuka pamene tayala likupopedwa, ndi mphamvu yokwanira kuphwanya mutu wa munthu. Ngati mwasankha kuwasunga, limu iliyonse ipalidwe dzimbiri n'kuonedwa ngati ili ndi ming'alu, ling'i isasinthanitsidwe ndi ya limu ina, mpweya wonse utulutsidwe tayala lisanamasulidwe pa galimoto, ndipo popopa tayala likhale m'khola la zitsulo kapena lomangidwa ndi matcheni olimba, wopopayo ataima patali ndiponso kumbali. Ling'i isamenyedwe ndi hamala tayala lili ndi mpweya. Achinyamata ambiri omata matayala masiku ano anaphunzirira pa malimu opanda chubu, kotero musaganize kuti aliyense wa pa msewu akudziwa zimenezi.

Kodi ratio ya difu n'chiyani, ndipo ndingaidziwe bwanji ngati kachitsulo kolembapo kanatayika?

Ratio ndi nambala yosonyeza kuti propshaft imazungulira kangati kuti tayala lizungulire kamodzi. Imapezeka pogawa mano a crown wheel ndi mano a pinion: mano 41 ndi 6 amapereka 6.83, mano 35 ndi 6 amapereka 5.83, ndipo mano 39 ndi 8 amapereka 4.875. Nambala ikakhala yaikulu difu imakoka kwambiri koma siithamanga, ikakhala yaing'ono imathamanga koma imafooka pokoka, monga mmene wa kabaza amapalasira mofewa pa chitunda akasunthira tcheni ku giya yaikulu ya kumbuyo, ngakhale kuti njinga imayenda pang'onopang'ono.

Ngati simukufuna kutsegula difu, tsekerani matayala ndi miyala kapena zipika, kwezani tayala la mbali imodzi ndi jeke n'kuchirikiza bwino, ikani giya pa fulii, ndipo lembani ndi choko pa tayala ndi pa propshaft. Zungulizani tayalalo maulendo 20, mnzanu akuwerenga kuzungulira kwa propshaft, kenako gawani chimene wapeza ndi 10. Timagawa ndi 10 chifukwa tayala la mbali inayo likakhala pansi, timagiya ta m'kati mwa difu timachititsa kuti crown wheel izungulire theka la mmene tayala lokwezedwalo lazungulirira. Akawerenga 58 ndi pang'ono, difu yanu ndi ya 5.83.

Ndiwerengere bwanji kuti injini idzazungulira motani pa liwiro limene ndikufuna?

Yambani ndi tayala lenilenilo lili pa galimoto, lopopedwa bwino. Lembani choko pa tayala ndi pansi, kankhani galimoto mpaka tayala lizungulire maulendo 10, yezani mtundawo n'kugawa ndi 10. Tayala la 8.25-20 limayenda pafupifupi mamita 2.95 pa kuzungulira kumodzi, ndiye kuti limazungulira maulendo pafupifupi 340 pa kilomita. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda kilomita imodzi ndi gawo limodzi la magawo atatu pa mphindi, kotero tayala limazungulira maulendo 453 pa mphindi. Chulukitsani nambala imeneyi ndi ratio ya difu, kenako ndi ratio ya giya yomalizira, imene pa magiyabokosi ambiri akale ndi 1.

Ndi difu ya 6.83 injini ifunika kuzungulira maulendo pafupifupi 3,100 pa mphindi. Koma injini zakale za dizilo za masilinda 6, monga Perkins 6.354 kapena OM352 ya Mercedes-Benz, zimathera cha pa 2,800, kotero lole imeneyi liwiro lake lonse ndi makilomita pafupifupi 72 pa ola, injini ikulira mphamvu zake zonse. Ndi difu ya 5.83 injini izungulira maulendo 2,640 pa makilomita 80, zimene zingatheke koma zidakali pafupi ndi malire. Mukawonjezera giyabokosi ya overdrive ya 0.8, ndiye kuti giya yomalizira imene imazungulitsa propshaft mofulumira kuposa injini, nambalayo imatsika kufika pa 2,110, pamene injini zotere zimayenda momasuka ndi kumwa dizilo wochepa.

Tsopano onani zimene tayala laling'ono limachita. La 7.50R16 limazungulira maulendo pafupifupi 408 pa kilomita, ndiye 544 pa mphindi pa makilomita 80. Likakumana ndi ratio ya 6.83, liwiro lonse la loleyo limatsika kufika pa makilomita 60 pa ola. Kuti mupeze kayendedwe kofanana ndi ka 5.83 pa tayala la 20, mufunika ratio ya pafupifupi 4.86, imene ili pafupi kwambiri ndi difu ya mano 39 ndi 8. Ichi ndicho chifukwa chake ratio siingatchulidwe kuti ndi yabwino kapena yoipa popanda kunena tayala limene idzayendere. Sipidomita nayo idzayamba kunama mukasintha chimodzi mwa ziwirizi, ndiye muiyese ndi foni ya GPS musanaikhulupirire.

Popeza dizilo ndi wokwera mtengo, bwanji osangoika difu yothamanga kwambiri?

Chifukwa lole imayenera kudzuka isanathamange. Mphamvu yodzukira imachokera pa kuchulukitsa giya yoyamba ndi difu. Giyabokosi yakale yokhala ndi giya yoyamba ya 7 pa difu ya 5.83 imapereka pafupifupi 41, pamene giyabokosi ya giya yoyamba ya 5 pa difu ya 4.875 imapereka 24 ndi pang'ono. Pa tayala lofanana, yachiwiriyi ili ndi magawo 6 okha pa magawo 10 a mphamvu yodzukira ya yoyamba ija, ndipo kusiyana kumeneko kumalipiridwa ndi kalachi, imene imapsa potuluka m'munda wa mchenga kapena poyamba pa chitunda muli ndi mabelo.

Dera la Kasungu limanyenga chifukwa ndi lathyathyathya. Munthu amayesa galimoto kupita ku Madisi n'kubwerera, n'kukhutira, koma tsiku lopita kumpoto kudzera ku Jenda ndi kukwera mapiri a Chikangawa, kapena lobwerera kuchokera ku Nkhotakota kukwera kuchokera ku nyanja, amapeza kuti giya yomalizira ilibe ntchito ndipo injini ikufuka utsi wakuda ndi kutentha. Komanso Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10 a mphamvu zake pa mtunda wotere chifukwa mpweya ndi wopepuka. Injini yolemedwa pa giya yothamanga kwambiri imamwa dizilo wambiri kuposa yoyenda momasuka pa giya yoyenera.

Njira imene ndimaikonda ndi kusiya difu yokoka n'kupeza giyabokosi ya magiya asanu yokhala ndi giya yoyamba yozama ndi overdrive pamwamba. Malole ena akale anali ndi ekiselo ya Eaton ya maliwiro awiri, imene imapereka ratio yokokera ndi yothamangira mu difu imodzi. Mukaipeza ili bwino pamodzi ndi chosinthira chake, ndi yamtengo wapatali. Ngati mukumanga galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, madifu a kutsogolo ndi kumbuyo ayenera kufanana ratio ndendende. Land Rover ya Series ili ndi 4.7 pamene Range Rover yakale ili ndi 3.54, ndipo kuziphatikiza kumaphwanya transfer box, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo.

Kodi kusintha ekiselo kumakhudza bwanji mabuleki?

Kumawakhudza kwambiri kuposa china chilichonse, ndipo pano sipofunika kupulumutsa ndalama. Master cylinder, imene ndi pampu ya mafuta a mabuleki yokankhidwa ndi pedulo, imapangidwa molingana ndi kukula kwa masilinda a m'matayala. Ikakhala yaing'ono pedulo imamira mpaka pansi, ikakhala yaikulu pedulo imauma koma galimoto siima. Mabuleki a kumbuyo akaposa a kutsogolo, lole yopanda katundu imakhwekhwereza matayala a kumbuyo n'kutembenuka pa phula lonyowa. Ekiselo ya mabuleki a mpweya imafuna kompuresa, matanki ndi mavavu ake, kotero siingalumikizidwe ku mapaipi a mafuta a mabuleki.

Amene akuchotsa injini ya petulo n'kuika ya dizilo akumbukire kuti dizilo siipanga vacuum yothandizira mabuleki, ndiye pafunika pampu yake, imene pa injini zambiri za ku Japan imakhala kumbuyo kwa alternator. Malole akale ambiri anali ndi paipi imodzi yodyetsa matayala onse, moti ikaphulika mabuleki onse amatha nthawi yomweyo. Pomanganso ndi bwino kuika master cylinder ya njira ziwiri ndi mapaipi atsopano. Onaninso kumene handibuleki imagwira, chifukwa pa magalimoto ena ili kumbuyo kwa giyabokosi, ndipo imachoka pamodzi ndi giyabokosi yakaleyo. Tayala lalitali limachepetsa mphamvu ya mabuleki pa msewu, ndipo difu yothamanga imachepetsa kugwira kwa injini pa mtsetse, zimene mudzazimve potsikira ku Nkhotakota muli ndi katundu. Fumbi la m'madilamu akale musalipemerere ndi mpweya, pakuti malaining'i a nthawi imeneyo ambiri anali ndi asbestos, amene amawononga mapapo; litsukeni ndi madzi.

Nanga ekiselo ya kutsogolo ndi chiwongolero?

Mtanda wa ekiselo ya kutsogolo ndi chitsulo chosulidwa ndi kulimbitsidwa ndi moto ku fakitale, kotero usawotchereredwe, usadulidwe, ndiponso usatenthedwe pofuna kuuwongola. Chimodzimodzinso mikono ya chiwongolero. Ekiselo ina iliyonse imene mukufuna kuikapo ikhale ya galimoto ya chiwongolero cha kumanja monga za kuno, ndipo ichokere ku lole yotalika mofanana ndi yanu, chifukwa mikono yake inapindidwa molingana ndi mtunda wa pakati pa maekiselo kuti tayala la m'kati lizikhota kwambiri kuposa la kunja. Mutu wa kingpin, chitsulo chimene tayala la kutsogolo limakhoterapo, uyenera kupendekera pang'ono kumbuyo kuti chiwongolero chizibwerera chokha pakati, ndipo kupendekera kumeneku kumakonzedwa ndi timphero ta chitsulo toika pakati pa sipuling'i ndi ekiselo. Ndodo yochokera ku bokosi la chiwongolero ikhale yogona mogwirizana ndi kayendedwe ka sipuling'i, apo ayi galimoto izidzikhotera yokha ikagunda bampu.

Propshaft ndingangoidula n'kuilumikiza?

Ikhoza kufupikitsidwa, koma pa makina a lathe, n'kuyesedwa kuti isalemere mbali imodzi. Mafoloko a mbali zonse ziwiri akhale pa mzere umodzi, kupendekera kwa mphuno ya difu kufanane ndi kwa giyabokosi, ndipo ngodya ya pa makolosi ikhale yaing'ono, pafupifupi madigiri 3 kapena kucheperapo, galimoto ili ndi katundu. Pasiyidwe mpata wokwanira woti shafuti izilowa ndi kutuluka masipuling'i akamagwira ntchito. Pa chasisi chachitali, shafuti imodzi yaitali imayamba kukwapula ikathamanga, makamaka pa overdrive pamene imazungulira mofulumira kuposa injini, ndiye igawidwe pawiri ndi senta bering'i. Pomanga mtanda wogwirizira bering'iyo, bowolani m'mbali mwa chasisi, osabowola kapena kuwotcherera milomo yake ya pamwamba ndi ya pansi, pakuti ndiyo imasenza katundu ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Mu difu thirani oyilo wa GL-5, monga 85W-140, ndipo mu giyabokosi yakale yokhala ndi masinkoro a mkuwa thirani wa GL-4 ngati opanga ake sananene mtundu wina.

Kodi galimoto yomangidwa motere ingaloledwe pa msewu?

Funsani ku ofesi ya Road Traffic ntchito isanayambe, mutatenga blue book ya loleyo, kuti akuuzeni zimene amafuna pa galimoto yosinthidwa injini, maekiselo kapena bodi. Nambala ya chasisi isafufutike popala dzimbiri kapena kukwiririka ndi chitsulo chowotcherera, chifukwa ndiyo imagwirizanitsa galimotoyo ndi mapepala ake. Sungani malisiti a injini, giyabokosi ndi maekiselo osonyeza kumene munazigula, ndipo nambala ya injini yatsopano ilembetsedwe. Poyesa galimoto kuti ipatsidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pa msewu, amaona mabuleki, chiwongolero, matayala ndi magetsi, kotero ndi bwino kuti makaniko wina amene sanagwire nawo ntchitoyo ayambe waiona yonse, ndipo muiyendetse kaye pa malo opanda anthu, yopanda katundu kenako ili ndi katundu. A inshuwalansi nawonso auzidwe zonse zimene zasinthidwa, ndipo pa mapepala palembedwe kulemera kumene chasisi ndi matayala anu angasenze.